Bulauzi yomwe alamu anga anakana kuchapa

Alamu anga, achemwali a amuna anga, akhala akuchapa zovala za anthu zaka makumi awiri m'shopu yomwe ine ndimasitamo. Ndi mayi wathupi, manja ngati fosholo, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. Chingerezi anachisiya kusukulu, koma pali liwu limodzi lomwe analitola pa timapepala tosokerera m'kolala: delikheti. Kwa iwo limatanthauza madzi ozizira, sopo pang'ono, osafinya, osayanika padzuwa. Kenako anayamba kulimata paliponse. Mimba ya bwana wathu akuti ndi delikheti chifukwa sichedwa kutseguka. Ukwati wanga ndi achimwene awo nawonso akuti ndi delikheti, ungang'ambike pamsoko tsiku lililonse. Dzinalo linawakanirira, Mayi Delikheti, munthu woti akamatseka chitseko mawindo amanjenjemera.

Chovala chilichonse amayamba achinunkhiza asanachiviike. Amati mphuno ndiyo imadziwa ngati banga ndi la mafuta, la mowa kapena la khanda. Vuto ndi loti zomwe mphuno yapeza, pakamwa pamalengeza. Bambo wina anauzidwa, mkazi wake ali pomwepo, kuti pafyumu wa pajekete yake si wakunyumba. Bwana anawachenjeza alamu kuti akadzangobwezanso kasitomala mmodzi ntchito yatha, makina ochapira alipo ndipo sayankhula. Alamu ali ndi zidzukulu zitatu zowayang'ana m'manja, ndiye anakhala milungu iwiri atasoka pakamwa. Tonse tinkaopa kuti aphulika.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mdala wowonda, nsapato zopolishidwa bwino, atanyamula jumbo ngati muli mazira. Anatulutsamo bulauzi ya silika, yopyapyala moti ukaika dzanja kuseri umaona zala. M'khwapa munali mutachita chikasu, pakolala panali banga la paudala. Anati ndi ya akazi awo omwe anamwalira miyezi inayi yapitayo, ndipo mwana wawo wamkazi wawalamula kuti aichapitse asanaiike m'sutikesi.

Alamu anainyamula ndi nsonga za zala, naiika pamphuno. Anainunkhizanso m'khwapa ndi pakolala. Bwana anali pakauntala, atayamba kale kulemba tikiti.

"Bambo, iyi sindichapa," anatero alamu.

Bwana anatsokomola. Mdalayo anafunsa ngati akuopa kuti nsaluyo ing'ambika.

"Nsaluyi ndikhoza kuichapa ndili m'tulo, osang'ambika. Koma amayi akadali umu. Mafuta awo odzola, thukuta lawo, kautsi ka kukhitchini. Ndikaiviika m'madzi, mudzatenga bulauzi yoyera ya munthu aliyense. Mwana wanuyo mukamuuze kuti azichapa zake."

Mdalayo anailandira, naikwirira kumaso pakati pa shopu, nayamba kulira. Ine ndinamva chisoni mpaka msozi unagwera pasimbi. Alamu anaitenganso, naikulunga m'pepala lofewa, nawauza kuti asaiike pafupi ndi mankhwala a njenjete chifukwa fungo lake limameza zonse. Mdalayo anathokoza katatu, napita ndi bulauzi yake yosachapa.

Bwana anang'amba tikiti ija nawaitanira alamu kuofesi. Iwo anavuliratu epuloni, naipinda bwinobwino, nalowa. Ine ndinamata khutu pachitseko, poti simbi simathawa. Ndinkayembekeza kukalipa, koma ndinangomva bwana akufunsa motsitsa mawu ngati fungo limabwereranso, chifukwa juzi ya malemu mayi awo anaiponya okha m'makina chaka chatha.

"Silibwerera, bwana," anatero alamu, mofatsa ngati si iwo. "Bwenzi mutandifunsa."

Anatuluka, navalanso epuloni yawo, nandikalipira kuti ndikuotcha shati ya eni ake. Bwana sanatuluke muofesimo mpaka masana.