Magazi a Bashi Luyando

Tinanyamuka ku Nangongwe, komboni yathu ya ku Kafue, m'mamawa, ine Luyando kumsana, mwamuna wanga patsogolo ngati sitili pa ulendo umodzi. Chichotsedwereni ntchito ku fakitale ya feteleza, munthuyu ankayenda choncho, maso pansi, mawu ochita kupempha.

Luyando anali ndi zaka zinayi, mutu waukulu kuposa msinkhu wake. Akayenda pang'ono ankagwa, nthawi zina n'kukomoka. Apongozi anga anali atagamula kale mlandu: magazi oipa ndi akwathu, mwana wawo akwatire wina. Koma dokotala wa ku chipatala chachikulu ku Lusaka anati tibwere tonse, atenge magazi a mwana, a mayi ndi a bambo. Apo ndiye panagona nkhani. Masiku amenewo Kafue yense ankanong'ona za a Satana ogula magazi, ndipo Bashi Luyando, mwamuna wangayo, anavomera ulendowu ndi pakamwa pokha.

Pa siteji tinapeza minibasi yooneka yodzaza, tinakwera mothamanga. Titangokhala, amuna atatu anatsika n'kukaima panja. Anali aganyu okhalira mipando kuti akope opusa ngati ife. Tinadikira mpaka thukuta kutsika m'khosi. Kondakitala potolera faifi pini yake, ndalama ya ulendo, anayang'ana Luyando.

"Mami, mutu uyu ufunika siti yake-yake."

"Wako uli na malo yambili mukati," ndinatero, "ungamubweleke."

Basi yonse inamuseka, koma ine mumtima munandiwawa. Mwamuna wanga anangoyang'ana pawindo.

Titadutsa Shimabala, mlaliki wina wa tayi yofiira anaimirira chowerama, mutu ukugunda denga pa dzenje lililonse.

"Abale, chenjelani! Masiku yano magazi yali pa malonda. Bakakutenga kabotolo kamozi chabe, pa mwezi wauma monga kapenta!"

"Ameni" wamphamvu kuposa onse anachokera pambali panga penipeni. Ndinalakalaka kumutsina mlalikiyo.

Ku Chilanga, kumene mitengo yonse inayera ndi fumbi la simenti, tayala linaphulika ndipo tonse tinatsika. Anthu anathamangira chimanga chootcha. Ine pocheuka ndinaona mwamuna wanga atawoloka msewu, waima mbali ya mabasi obwerera ku Kafue. Ndinamulondola.

"Bashi Luyando, muyenda kuti?"

"Bamake Luyando, magazi yanga bazayatwala kunja. Nindani aziba vamene bazachita nayo?"

Ndinamasula chitenje, n'kumuika mwana m'manja mwake.

"Ngati mubwelela, bwelelani naye. Mukabauze bamayo banu kuti munayopa nyeleti ya jekiseni."

Ndinawoloka ndekha osacheuka. Ndinali ndi mantha, kunama ayi. Akanapitadi, ine ku Lusaka ndikanakachita chiyani, wopanda mwana, wopanda mwamuna? Ndinakhala pampando wanga ndikuluma mlomo. Atasintha tayala, dalaivala analiza injini, kondakitala anagwira chitseko, ndiye ndinamva kamawu ka Luyando pakhomo kakufunsa ngati tafika. Bambo ake anakhala pansi osandiyang'ana.

M'tauni tinafika dzuwa lili pamutu. Tinadya zitumbuwa choimirira pakati pa milu ya salaula, zovala za kaunjika zija, n'kukwera minibasi ina ya kuchipatala. Kumeneko benchi inatiumitsa msana tisanaitanidwe.

Dokotala anali mayi wamfupi, wolankhula ndi manja. Anati ubongo unamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono, kalikonse ndi kakhungu kake. M'kakhunguko mumakhala kanthu kotchedwa puloteni, ndipo malangizo okapangira, amene amati jini, mwana amatengera kwa makolo. Jini imene ankaikayikira mwa Luyando akatswiri anali atangoipeza kumene.

"Manje ako kanthu kagwila nchito bwanji?" anafunsa mwamuna wanga, koyamba kutsegula pakamwa chichokereni ku Chilanga.

"Kukamba zoona, batate, sitinazibe bwino. Tiziba chabe kuti kakaonongeka, manzi yamapaka mu bongo."

"Mankwala?"

"Yochepesa kukomoka yaliko. Yopolesa kulibe."

Ndinafunsa chimene chinandikweza basi. "Nanga matenda yachokela kuli ndani?"

"Ngati ni yamene tiganiza, siyabwela na munthu umozi. Jini imozi ichoka kuli amai, imozi kuli atate. Imwe simudwala chifukwa aliyense ali na inzake yabwino. Palibe analakwa."

Bashi Luyando anayang'ana mwana wake. Kenaka anapinda mkono wa malaya, anatsinzina zolimba, n'kupereka dzanja.

Pobwerera Luyando anali m'tulo pachifuwa cha bambo ake. Ndinapita ndikuyembekeza mankhwala, ndinabwera wopanda. Koma ku Nangongwe aliyense ankadziwa chimene chinavuta mwana wanga, kuyambira apongozi mpaka ogulitsa makala, ndipo munthu woyamba kunena kuti sakudziwa bwino ndi amene anandipepuza mtima.

Tinatsika dzuwa likulowa. Pa mphambano ndinakhotera kunyumba, koma mwamuna wanga anaima, mwana paphewa.

"Osati uko," anatero. "Tiyambile kwa bamayo. Nizakamba ndine."