Chidindo cha pa Mkono

Zinayambira pa chitsime. Ndinali kutunga madzi, mwana wanga wamkazi ataima pambali ndi kachitini kake, pamene mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene tinkapalana naye moto kuyambira tsiku lomwe tinafika kuno kuchokera kummawa, anagwira mwanayo, n'kupinda mkono wa diresi lake, n'kuyang'ana. Anayang'anitsitsa. Anasenza chidebe chake chisanadzaze, ulendo.

Pamkonopo panali chipsera cha katemera wa nthomba, kakang'ono ngati chikhadabo. Ana anga onse awiri anali nacho, wamkaziyu wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi wamwamuna amene anali atangoleka kuyamwa. Ndinawatengera ndekha kwa masisitere ku mishoni, ndipo ndinabwerako mokondwa, chifukwa nthomba ine ndinaiona ndi maso. Inatenga mng'ono wanga ndili mu Sitandade 2, ndipo amayi anga inawasiyira nkhope ya timabowo mpaka lero.

Loweruka la sabata yomweyo kunali msonkhano wandale pansi pa mkuyu, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Amuna anga, amene amapala matabwa ku Chalimbana, anati tipite tonse. "Wosapita ndiye amaoneka," anatero.

Wolankhula anabwera pa lole, atavala suti yakuda, litchowa lili m'manja. Poyamba ananena zoona zokhazokha. Ananena za kawindo ka m'masitolo a ku Lusaka, kamene ife akuda timagulirapo nyama titaima panja padzuwa. Inenso ndinaimapo pamenepo, mwana ali kumbuyo. Ananena za minda yabwino imene inapita kwa azungu a mafamu. Ndinaomba m'manja ndi mtima wanga wonse, ndinati lero tapeza wotinenera.

Kenaka mawu anakhota.

"Dziko linawonongeka tsiku limene mkazi anagwira pensulo! Mkazi wa sukulu sagwada, sasinja, ayankha mwamuna monga kalaliki wa ku boma. Nanama?"

"Simunaname!" anayankha amuna, ndipo ena anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Tibwerere kwa makolo! Imwe azimayi, niuzeni. Mzungu wa pa famu, ng'ombe ikakhala yake, aichita chani?"

"Aidinda!"

"Aidinda pati?"

"Pa ntchafu!"

"Nanga ana anu anawadinda pati?"

Iye analoza litchowa lija kumbali kumene tinakhala akazi.

"Pa mkono! Wodindwa ni wogulidwa. Akakula sazabala, mtundu uzathera pamenepo. Ndipo amene anawapereka ali pakati panu pano, asamba bwino, akhala phee."

Nthungululu zinalira mbali zonse. Ine sindinganene kuti ndinachita mantha nthawi imeneyo. Thupi lonse linangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinkaona pakamwa pake pakutseguka ndi kutseka, ndinkaona dzino lake lobenthuka, ndinkaona fumbi pa nsapato zake, ndipo nditayang'ana pansi ndinapeza manja anga akuombabe okha. Wamng'ono anali kugona kumbuyo kwanga. Ndinakoka chitenje mpaka chinamufika m'khosi.

Titafika kunyumba amuna anga anati, "Ni zokamba chabe, amake mwana. Lole yapita, nkhani yapita."

"Amayi a pafupi aja anaona mkono," ndinatero.

Anatenga kasemasema n'kuyamba kunola, ngakhale anali wakuthwa kale.

Lolemba anthu anayamba kuima pa mlatho wa mitengo umene ana amawolokera popita ku sukulu. Sanali alendo ayi. Anali amuna a konkuno, ena tinkapemphera nawo. Lachiwiri mwana wanga anabwera akuthamanga, mkono wa diresi utang'ambika, sileti atataya.

"Ananigwira, anati nionetse. Ninawaluma ninathawa. Amama, ine nine ng'ombe ya mzungu?"

Ndinati ayi. Ndinamupatsa madzi. Ndinasoka diresi. Ndikukumbukira kuti ndinasoka bwino kwambiri, mizere yowongoka, ndipo m'mutu munalibe kanthu.

Lachitatu, dzuwa likuswa mtengo, nkhokwe ya aphunzitsi a katekisimu inapsa. Akazi awo ndiwo ankagwira ana mikono masisitere akamatemera. Anthu anaima n'kumaonerera chimanga chikuphulika m'moto, ndipo palibe anathamangira madzi. Inenso ndinaima. Sindinathamange.

Ndinaganiza zolemba kalata, popeza kulemba ndimadziwa. Koma yopita kwa yani? Ndikalembera ku boma, ndiye kuti zimene ananena pa lole paja n'zoona, ndine wogulitsa anthu. Ndikanena kuti tibwerere kummawa, n'kutali, mbewu zili m'munda, ndipo ndani akudziwa ngati lole imeneyo siinafike kale kumeneko. Ndikaima pakati pa akazi anzanga kuti ndiwauze za mng'ono wanga, adzati onani, wa pensulo uja wayamba.

Lachinayi m'mawa, amuna anga atapita ku ntchito, ndinatseka chitseko. Ndinatenga lumo lawo latsopano ndi kuliwiritsa m'madzi monga masisitere amawiritsira zitsulo zawo. Ndinapera khala mpaka linasalala ngati ufa. Ana ambiri kuno ali ndi mphini, timabala timene asing'anga amatema pakhungu n'kupakamo mankhwala akuda, ndipo mphini palibe amene amazifunsa. Ine ndinali nditalumbira kuti ana anga lumo la mphini silidzawakhudza. Apongozi anga anandichondererapo kawiri, ndinakana, mpaka anandikwiyira chaka chathunthu.

Ndinayamba ndi wamng'ono, chifukwa iye samadziwa chimene chikubwera. Ndinamupana ndi miyendo. Ndinatema katatu pamwamba pa chipseracho, kawiri m'munsi, n'kupakamo khala lija. Analira mpaka mawu anatha. Ndinatemanso mkono winawo kuti ifanane.

Wamkazi anabwera yekha, n'kupinda yekha mkono wa diresi. Anayang'ana kukhoma.

"Amama, mufufuta katemera?"

"Iyayi. Katemera ali m'magazi, lumo silifikako."

"Nanga muchitiranji?"

"Khala chete, usagwedezeke."

Nditamaliza ndinamanga tinsalu towiritsa, ndinawauza kuti sabata ino palibe wotuluka pabwalo mpaka mabala apole. Kenaka ndinamukhazika wamkaziyo patsogolo panga.

"Akakufunsa pa mlatho, uzati chani?"

"Nizati ni mphini."

"Anakutema ndani?"

"Asing'anga a kwathu kummawa."

"Chifukwa?"

"Ninali kudwala chifuwa."

"Bwereza."

Anabwereza. Tinabwereza mpaka anayamba kunena mosaganiza, monga amanenera katekisimu. Ndinatsuka lumo, ndinalipukuta, n'kulibwezera m'kapepala kake.