Anandigoneka m'chitokosi chifukwa ndine nkhoswe

Lachinayi lapitali pakhomo panga ku Mgona tinalipo anthu awa: ineyo Lingisoni Kachingwe, mkazi wanga Nabanda, Esinati mkazi wa Fesitoni, malume ake a Esinati a Magombo, ndi apolisi awiri. Wina wamtali wa ndevu zapamlomo, wina wamfupi amene sanatsegule pakamwa tsiku lonse. Mayina awo sananene. Ndatchula onsewa kuti wina asadzati madala akupeka. Mwana wanga Yohane panalibe, anali ku Biwi kumene amawotcherera zitseko.

Tsiku limenelo apolisi anandivula lamba n'kunditsekera. Ine, ndi imvi zangazi. Sindinabe, sindinamenye munthu.

Nkhani yake ili motere. Fesitoni ndi mwana wa malemu mlongo wanga. Pamene ankakwatira Esinati, nkhoswe ya kuchimuna ndinali ine, ya kuchikazi a Magombo. Lachitatu Fesitoni anamenya mkazi wake mpaka diso kutsekeka, iye n'kuthawa. Zimenezo ndi zoona ndipo sindikumuikira kumbuyo. Ndinamulangiza kambirimbiri mwana ameneyo, samva. Esinati anachita bwino kupita kupolisi, ndikanakhala ine ndikanamuperekeza.

Ndiye m'mawa mwake apolisi aja anatulukira pamodzi ndi Esinati ndi a Magombo. Wamtali uja anafunsa kuti nkhoswe ya Fesitoni ndani pano. Ndinaimirira n'kuyankha mokweza kuti ndine. Ndibise chiyani? Ku Mgona kuno funsani aliyense maukwati amene ndaimira, mabanja amene ndabweza atapasuka kale. Iye anati akundifuna ku ofesi ndikawathandize nkhani ya banjali. Ine ndinati basi, ndi ofesi ija ya za mabanja, kumene ankhoswe amakhala uku ndi uku n'kumva mbali zonse. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi ndi nsapato zopolisha. Nabanda ananditsatira kuchipinda n'kundinong'oneza kuti ndiwafunse kaye pepala la kukhoti. Ndinamuuza kuti nkhoswe ikaitanidwa siifunsa pepala.

Tinadutsa pamsika ine ndili patsogolo, ndikupatsa anthu moni. Amayi ogulitsa makala ankauzana kuti madala apita kukaweruza.

Titafika, mayi wa pakauntala sanandipatse moni, ngakhale mpando. Anangoti vulani lamba, jekete ndi nsapato. Ndinafunsa kuti kodi masiku ano nkhani za banja tikumakamba tili chivulire? Wamtali uja anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wachita zimenezi kawirikawiri.

"Si munanena nokha kuti ndinu nkhoswe, madala? Nkhoswe imasenza. Fesitoni akabwera, inu mutuluka."

Ndinafunsa mlandu wanga. Anati mlandu mulibe, mwangokhala chikole. Chikole! Kodi ine ndine njinga? Ndine wailesi yoti munthu asiye pamalo kuti adzaitenge akabwera? Ndinati ndionetseni chikalata chondimangira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti akandipatsa ndichiwerenga bwanji. Kenako anandiponyera mwambi, akuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Tamverani. Sukulu ndinalekeza msanga, zimenezo sindikana. Kulemba uku ndikulemba ndi chala chimodzi. Koma makutu ndili nawo awiri, ndipo wailesi ndimamvera. Amanena kuti lamulo lalikulu la dziko lino limati munthu pomumanga amuuze chifukwa chake. Amanena kuti wolakwa ayankhe yekha mlandu wake. Mwambi wa nkhuyu ndimaudziwa kuposa iwo, ndinaunena pa maukwati iwo asanabadwe. Koma unalowa liti m'malamulo? Anaulemba ndani, kunyumba ya malamulo iti?

Esinati anagwada pansi, diso lili chitupire, n'kuwauza kuti atate awa sanalakwe, ndi amene amamusunga kwawo Fesitoni akayamba zake. Mayi wa pakauntala anamuuza kuti akapitiriza kulongolola ndiye kuti sakufuna thandizo, mlandu autseka iye abwerere kunyumba akadikire mwamuna wake. A Magombo nawo, atamva kuti unkhoswe ukumangitsa, anati akukagula mayunitsi. Mpaka lero akugulabe.

Anatsegula chitseko chachitsulo. Fungo la ndowa ya pakona linandilandira lisanandilandire dzanja la munthu. Munali anyamata okhaokha, ena a msinkhu wa adzukulu anga. Anandifunsa kuti agogo mwaba chiyani. Nditanena kuti ndine nkhoswe, anaseka mpaka kugwirana. Mmodzi yekha sanaseke. Anandisunthira kuti ndikhale kukhoma, n'kundiuza kuti iyenso anali atathawa, koma anamva kuti apolisi atenga amayi ake, ndiye anabwera yekha. Anati njira imeneyi imawagwirira ntchito, sangaisiye. Anandifunsa ngati Fesitoni wangayo amandikonda.

Za usiku umenewo sindinena. Pali zinthu zina zimene mwamuna wa msinkhu wanga salemba poti ana awerenge.

Lachisanu kutacha, miyendo inali itatupa ngati mitondo. Ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse. Nabanda anabwera nawo atawamanga pansonga ya chitenje, ndinkamumva mawu ake pakauntala. Anamuuza kuti mankhwala salowa popanda chilolezo cha bwana wamkulu. Bwana wamkulu ali kuti? Apita kumsonkhano. Abwera liti? Mwina sabata yamawa. Ndiye magazi anga adikire msonkhano uthe?

Yohane anafika asanasinthe n'komwe ovolosi yake ya kuntchito. Mwana wanga ameneyu sanatengere ine, amalankhula motsitsa ngati ali m'chipatala. Ndinamumva akupempha belo, akuti amamva kuti belo ya apolisi ndi yaulere. Wamtali uja anamuyankha kuti inde ndi yaulere, koma belo imaperekedwa kwa munthu amene ali ndi mlandu, ndipo madalawa mlandu alibe. Mwaimva imeneyo? Wakuba nkhuku akhoza kutuluka chifukwa anaba. Ine sindingatuluke chifukwa sindinabe. Ndinamenya chitseko ndi chikhatho, ndinakuwa kuti ngati ndi choncho ndipatseni mlandu uliwonse, ngakhale wa mbuzi, ndikaonekere kukhoti woweruza andione nkhope. Palibe anabwera.

Kenako kunja kunangoti bata. Mnyamata uja anasuzumira pakabowo n'kundiuza kuti mwana wanu walowa m'kachipinda ndi wamtali uja, atseka chitseko. Anakhalamo nthawi. Atatuluka, ndinamva makiyi. Anandibwezera lamba, jekete yamakwinya, nsapato. Wamtaliyo anandigwira paphewa ngati mnzanga.

"Pitani madala. Muli ndi mwana womva zinthu. Tionana."

Ine ndinati kukuwa kwanga kwawaopsa. Njira yonse yobwerera ndinkauza aliyense kuti andiona bwino, Kachingwe sasewera naye.

Tsono ndikufuna mayankho, ndipo ndikufunsa pagulu. Akuluakulu a polisi, ndi tsamba liti la malamulo limati nkhoswe ndi chikole? Ngati munthu wathawa, ntchito yomusaka ndi ya ndani, yanu kapena ya nkhalamba ya miyendo yotupa? Galimoto zija timaziona zikudutsa ndi za chiyani? Esinati anabwera kwa inu kudzafuna chitetezo, wapeza chiyani? Womumenya akuyenda, ndipo iye tsopano akuopa kulowa pakhomo panga chifukwa cha manyazi. Inu a maufulu amene mumalankhula bwino pa wailesi, ku Mgona kuno msewu wake mumaudziwa?

Ndipo inu anzanga amene mumavala majekete Loweruka kukaimira ana a abale anu, mwamva. Apolisi akafika n'kufunsa kuti nkhoswe ndani, musathamangire kuimirira. Funsani kaye akufuna chiyani, funsani pepala, itanani anansi aone. Mabanja a kuno akhala bwanji ngati aliyense ayamba kukana unkhoswe? Mtsikana akamenyedwa adzathawira kwa yani?

Musaganize kuti nkhaniyi inatha ndi kutuluka kwanga. Titafika kunyumba Nabanda anandiikira madzi ofunda m'beseni kuti ndiviike mapazi. Ine ndinali ndikulankhulabe, ndikulumbira kuti bwana wamkuluyo akangobwera ndikamuimirira pakhomo mpaka wamtali uja avule yunifomu. Yohane anakhala pakhonde, akuyang'ana manja ake opsa ndi moto wa kuntchito. Mkazi wake ali ndi pakati, mwezi wake ndi uno. Ndinamufunsa kuti bwanji sukusangalala, bambo ako apambana. Anadikira amayi ake alowe m'nyumba, n'kusendera pafupi.

"Ababa, tsitsani mawu. Simunatuluke chifukwa chokuwa. Ndawalonjeza kuti Lolemba m'mawa ndipita ndi Fesitoni, akapanda kupezeka ndilowa ndine m'malo mwanu. Ndafunsa kale anzake ku depoti. Fesitoni anakwera basi ya ku Joni Lachitatu lomwelo."