Disiki Yogona ya ku Chegutu

Linali Loweruka lachiwiri la Juni, chaka chatha, 9 koloko m'mawa, pamene ndinatsika kombi ku Chegutu nditakulunga ramu, kachipangizo kothamangitsa kompyuta yathu, m'kampango.

Kompyutayo ndinaigula kalekale, ofesi ina ya mgodi ku Eiffel Flats ikugulitsa katundu wakale. Inali itatopa. Ukaiyatsa unkatha kuwiritsa tiyi, kumwa, n'kuipeza ikuganizabe. Mwana wanga wamkazi wa fomu sikisi ankayenera kupereka pulojekiti yake Lolemba, ndipo theka anali asanataipe. Ndinamulonjeza kuti pofika madzulo makinawo akhala akuthamanga.

Ndine munthu wosamala. Ndinayamba ndafunsa msuweni wanga wa ku Joni pa foni. Anati bodi ndi pulosesa ndisazikhudze, thumba langa silingathe. "Onjezani ramu, sinthani disiki yosungira zinthu, basi." Anandichenjezanso kuti ramu ya mtundu wina siilowa, kampata kake kamakhala pena. N'chifukwa chake ndinazula yathuyo n'kuyenda nayo. Mitengo ya kwathu ku Kadoma inali itandibweza kale, ndipo ndinamva kuti ku Chegutu kuli wogulitsa zida zogwiritsidwapo kale ntchito.

Ndinamupeza pakhonde la sitolo, bambo wa kofia yoyera, zida zili mbwee patebulo. Tinapatsana moni m'Chishona. Atandikankhira mpando, "zikomo" anandipulumuka.

"Aa! Akumudzi?" anatero. "Khalani pansi, achimwene. Tisavutikenso ndi chilankhulo cha eni ake."

Mtima unakhala m'malo. Kunyumba ine ndi amene ndimakalipira ana akandiyankha m'Chishona. Ndinakhala mowongoka ngati ndafika dzulo kuchokera ku Dedza, kumene sindinapondeko.

Ramu sinavute. Tinagundanitsa yake ndi yanga, timipata tinafanana. Kenako anatulutsa madisiki awiri amakono, aja opanda phokoso, onse ataikamo kale mapulogalamu. Ina inali yaing'ono. Inayo inali yaikulu, koma mtengo wake wotsika.

"Nanga yaikuluyi bwanji?" ndinafunsa.

"Imeneyo ndi yotchipa, achimwene, koma imagona."

"Imagona?"

"Kwambiri. Makamaka ikatenthedwa."

M'Chishona, chinthu chikagona ndiye kuti chimaitha ntchito. Mwana wanzeru kusukulu amati anogona. Khutu langa, lomwe lakulira ku Kadoma, linamva zimenezo: yotchipa koma yakatswiri, ndipo ikatenthedwa ndiye imachita kunyanya. Ndinadziyamikira.

"Ndipatseni yomweyo."

Anandiyang'ana kanthawi. "Mwatsimikiza?"

"Zogona ndi zimene ndimafuna ine."

"Chabwino. Aliyense ndi mtima wake."

Masana ndinatsegula bokosi la kompyuta patebulo lodyera, tizitsulo tomangira nditatiika m'sosala kuti tisasowe. Ndinapukuta fumbi pa feni, ndinalowetsa ramu mpaka inalira kuti tha, ndinalumikiza disiki. Nditayatsa, chithunzi chinabwera ndisanatsamire n'komwe. Mkazi wanga anaombera m'manja. Mwana anakhala pansi n'kuyamba kutaipa, ine ndikuyendayenda kumbuyo kwake manja ali m'thumba.

Sanamalize tsamba lachiwiri. Zonse zinauma. Kenako sikirini inada, n'kulemba kuti disiki palibe.

Tinazimitsa, tinadikira, tinayatsanso. Inagwira pang'ono, n'kuumanso, ndipo ndime zimene anataipa zinapita. Kachitatu mwanayo anangoika manja pamiyendo.

Ndinaimbira wogulitsa uja, foni nditaikweza mawu kuti banja limve mmene ndimakalipira anthu.

"Akulu, disiki yanu ija ikungozima."

"Eya. Si ndinakuuzani kuti imagona?"

"Munati imagona, inde. Ndiye ikuzimiranji?"

"Achimwene, munthu akagona amagwira ntchito? Ikatenthedwa imagona tulo. Ikazizira imadzuka. Inu munati zogona ndi zimene mumafuna. Ine ndinangoti mwina kompyuta yake ndi yokongoletsera pabalaza."

Woyamba kuseka anali mwana wanga, misozi idakali m'maso.

"Baba," anatero, m'Chichewa choyera bwino, "kugona n'kutseka maso. Kodi sanakuphunzitseni agogo?"

"Asiye bambo ako," anatero mayi ake. "Atopa. Akagone. Kugona kwake asankha okha."

Wogulitsayo anamva zonse. Atamaliza kuseka anati yaing'ono ija ikadalipo, ndipo Lamlungu iye amatsegula. Mwana anatenga cholembera n'kuyamba kulemba pamanja ndime zotsalazo, kuti mawa angozitaipa. Ine ndinamasula bokosi kachiwiri, mwakachetechete.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinakwera kombi yoyamba ya ku Chegutu, disiki ili m'thumba la jekete, mwana wanga ali pambali panga. Mayi ake ndi amene analamula kuti apite nawo, akandimasulire.