Dzina Limene Ndinafufuta ku Nkopola

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha khadi la chipani. Tinalipo anyamata ambiri pakhomo pa ofesi ya oyeza malo ku Mangochi, koma okhala ndi khadi la chaka chimenecho tinali awiri. Mnzangayo ankatsimphina, choncho anatenga ine, mwana wa ku Dedza wosadziwa ngakhale moni wa Chiyao.

Bwana wanga anali a Gondwe. Iwo ankasuzumira pamakina a miyendo itatu, ine ndikukoka tcheni, kukhoma zikhomo ndi kukwirira mabikoni a simenti m'makona. Poti ndinalekezera Fomu 2, anandipatsanso buku loti ndizilembamo mwini wa munda uliwonse umene tadutsamo.

Tsiku lina a ku ofesi anatituma, ine ndi a Gondwe, ku Nkopola kukadula malo oti mzungu wina amangepo nyumba yopumulira. Wolembedwa m'buku ndiye ankadzapatsidwa munda wina kumtunda. Pamalopo tinapeza mayi wachikulire, Abiti Jafali, akupalira chinangwa.

"Munda ndi wanga," anatero. "Mango awa anabzala ndi mayi anga."

Ndinalemba. Ndisanatseke buku anatulukira Che Omari, mwini mabwato atatu ndi chigayo, atavala mkanjo woyera.

"Fufutani, achimwene. Agogo awo a mayiwa anafika pano ali m'goli. Agogo anga anawamvera chisoni, osawagulitsa kwa Aluya. Kodi kapolo amasiyira ana munda?"

Ndinkayesa mayiwo akalipa. Anangoyang'ana khasu lawo. Chondizunguza mutu n'chakuti Che Omari yemweyo ankawatchula kuti alongo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti ukapolo unatha kalekale azungu atabwera ndi mfuti. Tsono apa mzungu akutenga gombe, mdzukulu wa ogula anthu akulandira munda wakumtunda. Nanga womasulidwayo ndi uti?

Ndinafunsa a Gondwe. Anayamba acheuka kaye, poti a Yufi, anyamata a chipani, sankasowa paliponse.

"Mawu amenewo usawatchulenso. M'dziko muno mulibe kapolo. Lemba dzina limene anthu akuvomereza."

Anthu anali atasonkhana. Palibe anatsutsa Che Omari, ngakhale mwana wamwamuna wa mayiwo, amene ankaponya makoka pa bwato la Che Omariwo. Ndinafufuta mpaka pepala linabooka, n'kulemba Omari m'munsi mwake.

Patapita mwezi tinabwerera kukaona mabikoni. Ndinapeza Abiti Jafali akusenza madzi a omanga nyumba ya mzungu uja. Anatula chidebe n'kundipatsa moni mogwada. Ndinasowa poyang'ana.

Ndayeza malo zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndipo munthu akangokhala chete pamalire ndimaimitsa ntchito n'kukamufunsa payekha. Koma za tsiku lija mpaka lero sindidziwa. Ndikanakana kufufuta, mwina mayiwo akanalandira munda. Mwinanso mwana wawo akanatsitsidwa m'bwato mawa lake, banja lonse n'kugona ndi njala chifukwa cha ine mlendo.