Mphaka wathu wakana pilitsi

Mwaswera bwanji nonse.

Mphaka wathu uja, amene amalondera matumba a chimanga, waonda chomene. M'mawawu ndaona tinthu toyera ngati mpunga pamalo pamene amagona, mbwenu ndathamangira ku Boma kukagula pilitsi la njoka za m'mimba kwa wogulitsa mankhwala a ziweto.

Pilitsilo ndalibisa m'kati mwa usipa wonona. Iye wadya usipa wonse mpaka mutu, koma pilitsi walisiya pansi atalinyambita bwinobwino, loyera kuposa mmene ndaligulira. Nditayesa kumutsegula kukamwa, wandikanda dzanja lonse n'kukwera padenga la khitchini.

Ndabwereranso kwa wogulitsa mankhwala a ziweto uja. Akuti alipo ena amadzi ongomudonthezera pankhongo, pamene lilime lake silifika. Apa ndiye ndadabwa. Mankhwala opaka pakhungu akazipeza bwanji njoka zimene zili m'matumbo?

Alamu a ku Jenda, inu mumaweta amphaka, munawayesapo amenewa? Kapena ndingosinja pilitsi lina, ndimupake pamwendo kuti adzinyambite yekha?

Ndiyankheni lero lomwe, ndapota. Makoswe ayamba kuyenda masana, pamene mlonda wathu ali padenga, akungondiyang'ana ngati wakuba ndine.