Nkhunda Zinalembedwa Pakati pa Malole

Kuntchito amamutchula kuti Akalaliki, koma mumsewu wa kwawo ndi Bambo wa Nkhunda, chifukwa khola lake limaonekera pamwamba pa mpanda ngati nyumba yosanja. Anayamba ntchito pakampani yonyamula katundu pa 3 Febuluwale 1998, nthawi imene lole yotuluka ndi yolowa inkalembedwa pa makina a taipi ndi pepala la kaboni. Ndi munthu wosakhazikika. Tiyi amamwa choimirira, ndipo akakhala pampando mwendo umavina wokha mpaka tebulo kunjenjemera.

Chaka chatha, pa 11 Epulo, abwana atsopano, mayi wamsinkhu wa mwana wake woyamba, analengeza kuti kampani yagula pulogalamu yapakompyuta yoyendetsera ntchito zonse. Pa 30 Meyi aliyense wa mu ofesi anafunika kuonetsa kanthu kamene wapanga yekha m'pulogalamumo. Wolephera apita kusitolo ya kampaniyo kukasunga matayala. Kalalikiyo ankaidziwa sitoloyo: ilibe windo, ndipo amene analowako sanabwererenso padesiki.

Maphunziro a pa intaneti sankamulowa. Zitsanzo zake zinali za makasitomala ongopeka, ndipo akaonera pang'ono maso ankathawira pawindo, mtima uli kunyumba, kuopa kuti mphamba wadutsa. Mkazi wake anatopa ndi kuzungulira kwake pakati pa khitchini ndi khonde. Anamuuza kuti ngati mutu wake uli m'khola, anyamule kholalo alowe nalo m'kompyutamo, mwina simenti ya pakhonde ingapumeko.

Mwamunayo anaseka, koma m'mawa mwake anachitadi zomwezo. Anzake akapita kukadya masana, iye ankatsala. Nkhunda iliyonse anaipatsa tsamba lake: dzina, mtundu wa nthenga, inzake yogona nayo chisa chimodzi. Anagwiritsa ntchito malo olembamo malole, poti nkhunda nayo imatuluka m'mawa n'kubwera madzulo. Kenako anakonza zoti ina ikasowa masiku awiri, pulogalamuyo itumize uthenga. Zimene zinkamukanika pa makasitomala ongopeka zinayamba kumveka zokha, mpaka ankalankhula ndi kompyuta ngati mlamu wake.

Koma pulogalamuyo inali ndi mbali ziwiri, yoyeserera ndi yeniyeni, zofanana ngati mapasa kupatula kamzere kachikasu pamwamba. Munthu wokulira pa taipi sadziwa kuyeserera. Kale kaboni ankasowa, ndiye chilichonse ankachilemba kamodzi, papepala lenileni. Dzanja lake linazolowera zimenezo, ndipo nkhunda zonse linazilowetsa kumbali yeniyeni.

Pa 19 Meyi nkhunda yotchedwa Wamawanga sinabwere. Iye analemba mokhulupirika kuti yatuluka, sinalowe. Pa 21 Meyi uthenga unapita kumene mauthenga a malole amapita: kwa abwana ndi kwa mkulu wa kugalaja.

Mkulu wa kugalajayo anafika mu ofesi manja ali bii ndi oyilo. Anali atawerenga kale malole pabwalo, atakalipira alonda a pageti, ataimbiranso madalaivala amene anali panjira.

"Achimwene," anatero akutsamira desiki, "lole iyi ya nthenga zamawanga, yokwatiwa ndi Wakhosi, munaigula liti? Imamwa dizilo kapena mapira?"

Ofesi yonse inafa nacho chiseko. Kalalikiyo anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Asanapeze poyambira, anaitanidwa kwa abwana.

Abwanawo sankaseka. Anatsitsa tsamba lonse pakompyuta, nkhunda ndi malole zitasakanikirana, kenako anamufotokozera kuti kusewera kumbali yeniyeni ndi mlandu, ndipo chenjezo alandira ndithu. Iye anangoti wamva, maso ali pakiyi wa kusitolo amene anali atapachikidwa kukhoma.

"Koma bambo, uthengawu anakukonzerani ndani?"

"Ndekha, abwana. Ndimafuna ndidziwe ikasowa."

Abwana anagogoda tebulo ndi cholembera. Kenako analamula kuti nkhunda zichoke masana omwewo, iwo akuona. Uthengawo aupangenso kumbali yoyeserera, ukhale wa malole, ndipo amenewo ndiwo akhale mayeso ake.

Anazichotsa imodziimodzi. Pa iliyonse kompyuta inkamufunsa ngati akutsimikiza, ndipo iye ankayankha mokweza kuti inde, ngati kuti akupepesa mbalameyo.

Pa 30 Meyi anaonetsa ntchito yake thukuta lili kamukamu. Inakana koyamba, inavomera kachiwiri. Abwana anavomereza kuti uthengawo ulowe kumbali yeniyeni, n'kumusiya padesiki, koma anamuuza kuti amuyang'anitsitsa mpaka kutha kwa chaka.

Uthenga woyamba wa lole yeniyeni unalira pa 6 Juni. Dalaivala wina anali atagona panjira, tayala litaphulika, foni itazima. Kalalikiyo sanadikire kuti mkulu wa kugalaja awerenge. Anatsika masitepe chothamanga, kukamuuza pakamwa.